Zoyenera Kuchita Hotela Ikakukhumudwitsani Muli pa Tchuthi ndi Banja

Mabanja ambiri a mu Blantyre amasunga ndalama kwa miyezi ingapo kuti pa Khirisimasi, pa Isitala kapena pa Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala akapumeko kunyanja ku Mangochi, kapena akapitidwe mphepo kumapiri a Zomba ndi Mulanje. Ulendo wa ku Mangochi kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde ndi wa makilomita pafupifupi 190, ndipo zimapweteka mtima kufika ndi ana otopa ndi anjala n'kupeza kuti chipinda chimene munalipira anapatsa kale anthu ena, m'bafa madzi sakutuluka, kapena chakudya chikutha maola awiri chisanafike patebulo. Ambiri a ife zikatere timangopirira chifukwa tinaleredwa kuti mlendo sadandaula pakhomo pa eni ake. Timang'ung'udza m'chipinda, bilu n'kulipira yonse, ndipo ukali timakautulutsira pa Facebook titabwerera kale ku Chilomoni kapena ku Bangwe, pamene palibenso chimene chingakonzedwe. Komatu pa hotela simuli pakhomo pa wachibale. Mwagula chinthu ndi ndalama zanu, ndipo dandaulo limene limaphula kanthu ndi limene laperekedwa nthawi yomweyo, kwa munthu amene ali ndi mphamvu zokonza zinthu, lili ndi umboni, komanso likunena momveka chimene mukufuna kuti achite.

Musananyamuke ku Blantyre

Mphamvu ya dandaulo lanu imachokera pa zimene munagwirizana ndi eni hotela musanatumize ndalama. Zimene mwauzidwa pafoni zimauluka ndi mphepo, choncho mukatha kuyankhulana tumizani uthenga pa WhatsApp kapena pa imelo wobwereza zonse zimene mwapangana, ndipo apempheni kuti ayankhe movomereza. Mu uthengawo mukhale masiku amene mudzagone, chiwerengero cha zipinda ndi mabedi, mtengo wa usiku umodzi, ndiponso ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya cham'mawa cha anthu onse, ana omwe. Funsaninso ngati VAT ndi msonkho wa zokopa alendo zili kale m'kati mwa mtengo umene akutchula, chifukwa mikangano yambiri ya tsiku lochoka imayambira pamenepa. Akuluakulu anati safunsa adadya phula, ndiye musachite manyazi kufunsa ngakhale zooneka ngati zazing'ono: kodi jenereta ilipo, ndipo magetsi akazima imayatsidwa maola ati? Kodi bedi lililonse lili ndi neti? Kodi dziwe losambiramo likugwira ntchito sabata imeneyo? Kodi pali ukwati, msonkhano kapena phwando la oimba pa masiku amenewo? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri kwa amene ali ndi makanda, popeza malo ambiri a kunyanja amachititsa maphwando pa nyengo yomweyo imene mabanja amapita kukapuma, ndipo zimbale zimalira mpaka mbandakucha.

Zithunzi za pa intaneti musazikhulupirire msanga. Zina zinajambulidwa malowo ali atsopano, zaka zambiri zapitazo. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo mchenga umene unkaoneka pa zithunzi za malo ena unamira. Pemphani kuti akujambulireni kavidiyo ka chipinda chenichenicho ndi gombe monga zilili sabata imeneyo. Hotela yosamala siikana pempho lotere.

Potumiza dipoziti, kaya pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kubanki, onetsetsani kuti dzina limene likutuluka ndi la hotelayo. Ngati akupatsani nambala ya munthu, afunseni kuti alembe mu uthenga kuti nambalayo ndi yovomerezeka ndi hotela. Sungani uthenga wotsimikizira kuti ndalama zapita, ndipo funsiranitu kuti mutasintha maganizo, kapena iwo atalephera kukupatsani chipinda, angakubwezereni zingati. Ine ndimalangiza kuti musalipiriretu ndalama zonse za masiku onse ngati pali mwayi wolipira gawo chabe, chifukwa ndalama zimene zikadali m'thumba mwanu ndi zimene zimachititsa kuti akumvereni.

Musanamasule zikwama

Mukapatsidwa kiyi, ana ayambe akhala kaye polandirira alendo ndi mmodzi wa akuluakulu, inu mukayendere chipinda pamodzi ndi amene wakuperekezani. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi khumi zokha. Tsegulani mipopi yonse ndipo dikirani kuti muone ngati madzi otentha akubwera. Gujumulani chimbudzi. Yatsani fani kapena makina oziziritsira m'chipinda, chifukwa kutentha kwa ku Mangochi m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala sikulola mwana kugona m'chipinda chopanda mphepo. Yesani loko wa chitseko ndi mawindo. Tambasulani neti yonse n'kuiyang'ana moloza kuwala, popeza kabowo kolowa chala n'kokwanira kulowetsa udzudzu usiku wonse. Kenako vundukulani zofunda pakona ya bedi, pindani m'mphepete mwa matiresi pamene pali msoko, muunike ndi tochi ya pafoni. Mukaona timadontho takuda tonga inki, timagazi touma kapena tizikhungu tofundula, dziwani kuti muli nsikidzi, ndipo musaike chikwama chilichonse pabedi kapena pansi m'chipinda chimenecho, chifukwa nsikidzi zimakwera m'katundu n'kukafika nazo kunyumba kwanu, kumene kuzithetsa kumavuta ndipo kumadya ndalama.

Chilichonse cholakwika chijambuleni pomwepo, wantchitoyo akuona. Chithunzi cha pafoni chimasunga tsiku ndi nthawi, ndipo chimakutetezaninso kuti pochoka asakunamizireni kuti ndinu amene munaswa galasi kapena kung'amba katani. Kukana chipinda n'kosavuta zikwama zisanamasulidwe. Mukagonamo usiku umodzi osanena kanthu, eni hotela amatenga kuti munachivomera.

Woyenera kumuuza ndi ndani, ndipo mumuuze bwanji

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo ndi pamene ndikufuna kukhazikikapo. Munthu woyamba amene timakumana naye zinthu zikavuta ndi woperekera zakudya, wokonza m'zipinda kapena mtsikana wa polandirira alendo, ndipo ukali wonse umathera pa iyeyo. Koma anthu amenewa si amene anaganiza zoti jenereta isagulidwe dizilo, si amene analandira alendo ochuluka kuposa zipinda, ndipo si amene analemba ophika awiri okha kuti aphikire anthu zana. Ambiri mwa iwo amalandira malipiro ochepa, ena ndi aganyu a nyengo ya zikondwerero amene sanaphunzitsidwe ntchitoyo mokwanira, ndipo pa masiku otanganidwa amaima kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Ndinaonapo pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja bambo wina akukalipira mnyamata woperekera zakudya chifukwa cha nsomba imene inachedwa, mpaka mnyamatayo manja kunjenjemera mbale zili m'manja, pamene manijala anali muofesi yake osamva chilichonse. Nsombayo sinafulumire, ana a bamboyo anadya ali chete ndi mantha, ndipo amene anali ndi mphamvu zochotsera mtengo sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu.

Vuto laling'ono, monga kusowa kwa thaulo kapena sopo, uzani wantchito amene ali pafupi, mwaulemu: “Achemwali, m'chipinda chathu mulibe matawulo, mungatithandizeko?” Vuto likakhala lalikulu, kapena laling'ono limene mwanena kawiri osakonzedwa, pemphani kuonana ndi manijala amene ali pa ntchito nthawi imeneyo. Akakuuzani kuti abwana kulibe, funsani amene watsala m'malo mwawo, ndipo ngati palibe, pemphani nambala ya foni ya abwanawo kapena ya mwini malo. Lembani dzina la aliyense amene mwayankhula naye ndi nthawi yake.

Pokumana ndi manijala, pemphani kuti mukhale pambali, osati pamaso pa alendo ena. Munthu akachititsidwa manyazi pagulu amayamba kudziteteza m'malo mokonza zinthu. Apatseni moni monga mwa chikhalidwe chathu, kenako nenani zinthu zitatu motsatana: chimene munalonjezedwa, chimene mwapeza, ndi chimene mukupempha pamodzi ndi nthawi yake. Mwachitsanzo munganene kuti: “Bambo manijala, mu uthenga uwu munatitsimikizira chipinda cha banja chokhala ndi mabedi atatu ndi madzi otentha. Tapeza mabedi awiri, ndipo madzi sakutuluka chifikireni. Tikupempha kuti mutisamutsire m'chipinda china isanakwane 6 koloko madzulo ano, ndipo ngati chipinda china palibe, mutichotsere mtengo wa usiku uno.” Mawu otere ndi ovuta kuwazemba chifukwa mulibe chipongwe, muli umboni, ndipo mwawapatsa njira ziwiri zoti asankhepo. Koma mukangonena kuti malo ano ndi oipa ndipo simudzabweranso, manijala amangopepesa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chenjerani ndi mayankho akuti “tiona”, “tikukonza” kapena “pulambala akubwera”. Funsani kuti akubwera nthawi yanji, ndipo nthawiyo ikakwana bwereraninso. Mukagwirizana kanthu, kaya kuchotsera mtengo, kaya chakudya chaulere cha ana, pemphani kuti alembe papepala n'kusayina, kapena akutumizireni uthenga pafoni. Chifukwa chake n'chakuti amene walonjeza usiku kawirikawiri si amene mudzam'peze polipira m'mawa, ndipo wam'mawayo adzanena zoona kuti sanauzidwe kanthu.

Pempho lanu lilingane ndi kukula kwa vuto. Chakudya chochedwa kamodzi sichoyenera kubwezerapo ndalama za tchuthi chonse, ndipo amene amapempha zopitirira muyezo amataya ngakhale zimene zinali zomuyenera. Koma chipinda chopanda madzi usiku wonse, nsikidzi, chitseko chosakhomeka, kapena kupatsidwa chipinda chotsika mtengo kuposa chimene munalipira, ndi zifukwa zokwanira zopemphera kusamutsidwa, kuchotseredwa mtengo, ngakhale kubwezeredwa ndalama za masiku otsala kuti mukafune malo ena.

Zokhudza moyo wa ana sizidikira

Pali mavuto ena amene simuyenera kukambirana nthawi yaitali. Ngati madzi a m'dziwe losambiramo ndi obiriwira kapena a mbuu moti pansi sipakuoneka, ana asalowemo, chifukwa kuwonjezera pa matenda, mwana akamira m'madzi otero saoneka msanga. Ngati palibe woyang'anira osambira, kaya padziwe kaya kunyanja, udindo wonse ndi wanu, ndipo mwana asasiyidwe ndi mwana mnzake. Okwera boti aliyense apatsidwe jekete yoyandamitsa yomukwana, ndipo ngati majekete a ana palibe, ulendowo ulekeni ndipo ndalama zanu zibwezedwe. M'miyezi yozizira, mphepo ya mwera ikamaomba, nyanja imasintha mwadzidzidzi, choncho woyendetsa boti akanena kuti lero sikuyendeka, mumvereni ndipo musakuyese kulephera kwa hotela.

Pa chakudya, chambo chimene chikununkha, chimene mnofu wake ndi wofewa mophwanyika, kapena nkhuku imene ili ndi magazi pafupa, zibwezeni musanadye theka, chifukwa mbale yotha kale siibwezedwa. Funsani kumene madzi akumwa akuchokera, ndipo mukakayika gulani a m'botolo lotseka. Tisaiwale kuti mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Mwana akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza, mpatseni Thanzi ORS ndipo thamangirani naye kuchipatala chapafupi, za dandaulo zibwere pambuyo. Kuchipatalako pemphani kuti alembe zonse m'buku la kuchipatala la mwanayo, ndipo inu lembani chimene anadya ndi nthawi yake. Ngati alendo ena amene anadya chakudya chomwecho adwalanso, dziwitsani ofesi ya zaumoyo ya bomalo, popeza ili ndi alangizi a zaukhondo amene ntchito yawo ndi kuyendera malo ophikira ndi ogulitsira zakudya.

Katundu akasowa m'chipinda, uzani manijala nthawi yomweyo ndipo kanenenitu kupolisi yapafupi musanachoke m'deralo, kuti mukhale ndi lipoti. Musaloze chala wantchito aliyense popanda umboni, chifukwa mawu amodzi a mlendo akhoza kuchotsetsa ntchito munthu wosalakwa.

Chilungamo chimafunanso kuti tisiyanitse zimene hotela yalakwa ndi zimene sizili m'manja mwake. Kuzima kwa magetsi a ESCOM si mlandu wa hotela, koma ngati analonjeza jenereta ndipo sakuiyatsa, umenewo ndi mlandu wawo. Mwana akatentha thupi tsiku lachiwiri la tchuthi n'kupezeka ndi malungo, udzudzu umene unamuluma si wa pa hotelapo, chifukwa malungo amatenga masiku osachepera asanu ndi awiri kuti aonekere. Chimene muyenera kuchita ndi kukayezetsa aliyense amene watentha thupi sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako. Likodzo nalonso limapezeka m'malo ena a m'nyanja ndipo limadziwika patapita milungu ingapo, choncho amene anasambira m'nyanja akaonane ndi achipatala ngati aona magazi mumkodzo.

Polipira

Pemphani bilu usiku woti mawa mukuchoka, kuti muiwerenge modekha ana atagona. Yerekezani mzere uliwonse ndi timapepala timene munkasayina ku lesitilanti ndi ku bala, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kujambula kapepala kalikonse musanakabweze. Zolakwika zofala ndi zakumwa za tebulo lina zolembedwa pa chipinda chanu, chakudya cham'mawa cholipiritsidwa pamene chinali kale m'kati mwa mtengo, ndi dipoziti imene yaiwalika kuchotsedwa. Musachoke osalipira chilichonse, ngakhale mutakwiya chotani, chifukwa mukatero nkhani imatembenuka ndipo wolakwa mumakhala inu. Lipirani gawo limene simukulitsutsa, ndipo la mkanganolo mukambirane ndi manijala. Ngati akukakamizani kulipira zonse kuti mutuluke, lipirani, koma lembani pa bilupo kuti mwalipira musakugwirizana nazo, tchulani chifukwa chake, sayinani, ndipo jambulani pepalalo. Tengani lisiti lenileni lokhala ndi dzina la hotela, osati kapepala kong'ambidwa m'kope.

Mukabwerera kunyumba nkhani isanathe

Lembani kalata kwa mwini hotela kapena ku likulu la kampani yake pasanathe sabata, zinthu zikadali m'mutu. Kalatayo ikhale yaifupi, tsamba limodzi, yotchula masiku amene munagona, nambala ya chipinda, zimene munalonjezedwa, zimene zinachitika motsatira nthawi, amene munawauza ndi zimene anayankha, komanso ndalama zimene mukupempha kuti zibwezedwe. Phatikizanipo zithunzi, mauthenga ndi malisiti, koma mapepala enieniwo musunge nokha. Apatseni nthawi yoti ayankhe, monga masiku 14, ndipo nenani kumene mudzapite akapanda kuyankha.

Kumene mungapite kulipo. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoti CFTC, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 limene linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, ndipo limalandira madandaulo a ogula, kuphatikizapo okhudza amalonda amene amanamiza anthu pa mtengo kapena pa ubwino wa zimene akugulitsa. Hotela imene yatsatsa dziwe, jenereta ndi madzi otentha pamene ikudziwa kuti zinawonongeka kalekale ikugwera m'gulu limeneli. Palinso lamulo loteteza ogula la mu 2003, komanso bungwe la Consumers Association of Malawi, CAMA, limene lili kuno ku Blantyre ndipo limayankhulira ogula. Mahotela ndi maloji amayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku nthambi ya boma yoona za zokopa alendo, choncho nthambi imeneyi ndi yoyenera kuidziwitsa za malo auve, oopsa kwa alendo, kapena amene akudzitchula kuti ali ndi nyenyezi zimene sanapatsidwe. Ngati ndalama zake ndi zambiri ndipo njira zonsezi zakanika, mukhoza kukasuma ku khoti la majisitireti, koma yambani mwawerengera ndalama zoyendera ndi masiku amene mudzajombe kuntchito, makamaka ngati mlanduwo ukakambidwe ku boma kumene kuli hotelayo.

Kulemba pa Facebook, pa Google kapena pa TripAdvisor kuli ndi malo ake, chifukwa kumachenjeza mabanja ena amene nawonso akusunga ndalama movutikira. Koma lembani mtima utatsika, ndipo lembani zokhazo zimene munaona ndi maso anu komanso zimene muli nazo umboni. Kunena kuti madzi sanatuluke kwa masiku awiri ndipo munauza manijala katatu ndi kufotokoza zimene zinachitika. Kunena kuti eni malowo ndi akuba, popanda umboni, ndi kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo akhoza kukusumirani. Musaike nkhope kapena mayina a antchito wamba, ndiponso musaopseze hotela kuti mukailemba zoipa ikapanda kukupatsani ndalama. Tchulani mwezi ndi chaka chimene munapitako kuti owerenga adziwe ngati nkhaniyo ndi yatsopano, nenaninso zimene zinali bwino, monga wantchito amene anayesetsa kukuthandizani, ndipo ngati pambuyo pake hotela yakubwezerani ndalama kapena yakonza vutolo, bwererani pa zimene munalembazo mukawonjezere zimenezo.